Kuweta nkhuku za Brahma pakhomo: zokonza zisanabwere ndi zoyang'anira zikafika

Amene munaonako kavidiyo kaja kanazungulira pa intaneti mu 2017, ka tambala wa ku Kosovo akutuluka pakakhomo ka khola, kutuluka kutulukabe osatha mpaka anthu kumakangana kuti mwina ndi munthu wavala nthenga, ameneyo anali Brahma. Anthu ambiri amazifuna nkhuku zimenezi ndipo sindiwadabwa, n'zokongola, n'zofatsa, ana amazisisita osajomphedwa. Koma chimene chimandiwawa n'choti ambiri amangogula n'kukaziponya m'khola lomwe lija la nkhuku zing'onozing'ono, pakatha miyezi ingapo tambala wayamba kutsimphina, mathadzi aonda chifukwa chothamangitsidwa pa chakudya, mazira kulibe, nde munthu n'kumati mtundu umenewu ngwachabechabe. Si mtundu ayi. Nkhuku yolemera chonchi mavuto ake ambiri amayambira kumapazi, ndipo kufatsa kwakeko ndi kumene kumachititsa kuti zinzake ziziipondereza. Ziwirizi muzisunge m'mutu pa sitepe iliyonse imene ndikufotokoza pansipa.

1. Idziweni kaye musanatulutse ndalama

Brahma anaipanga ku America kuchokera ku nkhuku zikuluzikulu zimene zinkabwera pa sitima zapamadzi kuchokera ku Shanghai, ku China, cha m'ma 1840, ndipo dzinalo analitenga ku mtsinje wa Brahmaputra. Mu 1852 woweta nkhuku wina, George Burnham, anatumiza nkhuku 9 kwa Mfumukazi Victoria ya ku Britain ngati mphatso, mbiri yake n'kufalikira paliponse. Pofika 1874 bungwe la American Poultry Association linali litavomereza mitundu iwiri, yoyera ya khosi ndi mchira wakuda ija ndi yoderapo ija. Kwa zaka zambiri ndi imene inali nkhuku yanyama yodalirika ku America mpaka cha m'ma 1930, kenaka alimi akuluakulu anaisiya chifukwa imakula pang'onopang'ono. Chimene anaisiyira iwowo ndi chomwenso chidzakuyeseni mtima inuyo, nde ndi bwino muchidziwiretu.

Tambala wokhwima amalemera pafupifupi makilo 5.5, thadzi makilo 4.5. Koma kuti afike pamenepo pamadutsa chaka, atambala ena amapitirizabe kudzaza thupi mpaka chakumapeto kwa chaka chachiwiri. Msoti umayamba kuikira pa miyezi 6 kapena 7, ina imachedwa kuposa apo, pomwe nkhuku za mazira zosakaniza mitundu zija zimayamba miyezi 5 isanakwane. Mazira ake ndi abulawuni, atatu kapena anayi pa sabata, pachaka cha m'ma 150, ndipo musayembekezere dzira lalikulu ngati nkhukuyo, ndi dzira wamba basi. Ngati cholinga chanu ndi kudzaza mathireyi tsiku lililonse, gulani mtundu wina, palibe chifukwa chokhumudwitsana ndi nkhuku yosalakwa.

Ndipo si Brahma yokha yaikulu ndi yofatsa. Pali Orpington imene William Cook anaitulutsa mu 1886 ku Kent, ku England, pali Jersey Giant ya ku New Jersey imene imaposako Brahma pa sikelo, palinso Cochin ya nthenga zambirimbiri imene imakonda kufungatira kwambiri. Kusiyana kumene kuli kofunika apa n'kwakuti Brahma ndi Cochin zili ndi nthenga m'miyendo mpaka kuzala, pomwe Orpington ndi Jersey Giant miyendo yake ndi yosalala. Ngati pamalo panu pamachita matope nthawi yaitali ndipo mulibe njira youmitsira, ine ndingakuuzeni mosabisa kuti mutenge ya miyendo yosalala.

2. Khola limangidwe nkhuku zisanabwere

Apa ndi pamene ndikhalitsepo chifukwa zolakwika zambiri zimachitikira pompa.

Yambani ndi pogona. Nkhuku imakonda kugona pamwamba, nde makhola ambiri amaika mtengo wogonapo mita imodzi kapena kupitirira kuchokera pansi. Kankhuku ka makilo awiri kamatsika pamenepo ndi mapiko bwinobwino. Brahma siiuluka, imangogwa, ndipo makilo asanu onse aja amafikira pa kachidutswa kofewa ka pansi pa phazi, m'mawa uliwonse, chaka chonse. Mtengo wogonapo ukhale masentimita 30 mpaka 45 kuchokera pansi, osapitirira. Usakhale kandodo kozungulira kowonda, ikani thabwa la 5 ndi 10 sentimita, mbali yotambalalayo iyang'ane kumwamba kuti phazi lonse likhazikike, ndipo m'mbali mwake mupale ndi sandipepa pasakhale tizipatso tobaya kapena msomali wotulukira. Nkhuku iliyonse muiwerengere malo a masentimita 30 mpaka 35 pa thabwalo, ndipo litalikirane ndi khoma cha m'ma 40 kuti michira isamakhulike. Pansi pomwe zimatsikirapo pakhale utuchi wokhuthala, masentimita 10 kapena kuposa, makamaka ngati pansipo ndi pa simenti.

Malo a mkati mupereke theka la sikweya mita pa nkhuku imodzi, panja pochezera osachepera sikweya mita imodzi, bola iwiri ngati malo alipo. Kakhomo kotulukira kakhale cha m'ma masentimita 35 m'lifupi ndi 45 m'mwamba, apo ayi tambala azingothyola nthenga za kumsana tsiku lililonse potuluka. Ngati khola ndi lam'mwamba, kathabwa kokwererapo kasakhale kotsetsereka kwambiri ndipo mukhomerepo timitengo topingasa kuti mapazi anthenga aja asamaterereke. Zisa zoikiramo zikhale masentimita 35 mpaka 40 mbali zonse, chimodzi pa mathadzi atatu kapena anayi, pafupi ndi pansi, koma zikhale zotsikirapo kuposa thabwa logonapo chifukwa zikakhala pamwamba nkhuku zimasankha kugona m'zisamo n'kuzidzaza zitosi.

Tsopano kuuma. Nthenga za m'mapazi zija zimamwa madzi n'kusunga matope, phazi limakhala lonyowa tsiku lonse, khungu n'kufewa, kenaka kachilonda kakang'ono kamalowetsa matenda. Sankhani malo okwera pomwe madzi a mvula sadikha, panja pochezerapo muthirepo mchenga wokhakhala, ndipo mbali ina muifolere kuti olo kugwe mvula sabata yonse zikhale ndi pouma poima. Chomwera muchiike pa njerwa kuti chifike pa msinkhu wa msana wa nkhuku, zisamalowetsemo mapazi kapena kutayira madzi mu utuchi. Mpweya uzilowa ndi kutuluka chakumwamba kwa makoma, osati kuomba pomwe zagona. Kuti mudziwe ngati mpweya ukukwana, lowani m'mawa musanatsegule, mugwade mutu ufike pomwe pamakhala mitu ya nkhuku, mukamva fungo lolasa m'mphuno ndi m'maso la zitosi ndiye kuti izo zakhala zikupuma zimenezo usiku wonse, onjezani mazenera ndipo musinthe utuchi.

Mpanda wa mita imodzi ndi pang'ono umakwana kuti zisatuluke, ubwino wake ndi umenewo, sizilumpha kupita kwa aneba. Koma kumbukirani kuti nkhuku imene siingalumphe mpanda siingathawenso galu. Waya wopyapyala wa nkhuku uja amangotsekera nkhuku mkati, chilombo chimaung'amba. Pa mazenera ndi m'munsi mwa mpanda gwiritsani waya wolimba wa timabowo tating'ono, ndipo mumukwirire pansi masentimita 30 chifukwa cha zofukula. Anapiye ndi misoti yaing'ono imafunanso chotchinga kumwamba chifukwa cha akabawi. Pomaliza konzani pakona pouma pokhala mchenga wosakaniza ndi dothi louma ndi phulusa la nkhuni pang'ono, pamenepo ndi posambira pawo, ndipo pakhale potakata poti nkhuku yaikulu itha kugudubuzika.

3. Pogula

Pemphani kuona makolo ake. Nkhuku zambiri zimene zimagulitsidwa ndi dzina la Brahma ndi zosakaniza, ndipo nthenga m'miyendo pazokha si umboni chifukwa zimatsatira mosavuta ngakhale mwa ana osakanizika. Yeniyeni lipombo lake ndi laling'ono, lomamatira kumutu, la timizere titatu, osati lalitali loima ngati macheka. Mutu ndi wotambalala, pamwamba pa maso pamatulukira pang'ono mpaka imaoneka ngati yakwiya pomwe ilibe nazo kanthu, miyendo ndi yachikasu, nthenga zimatsika mbali yakunja ya mwendo mpaka pa chala chakunja ndi chapakati. Igwireni m'manja. Maso akhale owala, mphuno youma, kumatako koyera kopanda zitosi zomatirira, ndipo tembenuzani phazi muone pansi pake. Funsani kuti zinalandira katemera wanji ndipo liti. Musagule imodzi, yambani ndi zitatu kapena kuposa kuti zizikhala ndi zinzake za khalidwe lofanana.

Mukafika nazo, musaziphatikize ndi zakale tsiku lomwelo olo zikuoneka zathanzi bwanji. Zikhale pazokha masabata osachepera awiri, mwezi ndiye bwino koposa, kutali ndi khola lalikulu, ndi ziwiya zawozawo. Muziyamba kusamalira zakale, zatsopano pomaliza, kenaka kusamba m'manja. Matenda ambiri a nkhuku amalowa pakhomo ndi nkhuku yatsopano imene inkaoneka bwinobwino pa tsiku logula.

4. Ngati mwayamba ndi anapiye

Sabata yoyamba kutentha kukhale madigiri 32 mpaka 35 pomwe anapiye ali, kenaka muzitsitsa ndi madigiri atatu sabata iliyonse. Mulibe choyezera, yang'anani anapiyewo, akaunjikana pansi pa nyali akulira ndiye kuti azizidwa, akathawira m'mbali atayasamula kukamwa ndiye kwatenthetsa, akamwazikana ena akudya ena akugona ndiye zili bwino. Anapiye a Brahma amachedwa kumera nthenga, makamaka aamuna, mumatha kuona wa masabata asanu msana udakali pamtunda pomwe anzake a mitundu ina avala kale, nde musathamangire kuzimitsa nyali potengera kalendala, yang'anani nthenga. Pansi pasakhale poterera ngati nyuzipepala kapena pulasitiki, miyendo imatagadza n'kupindika ndipo kwa nkhuku imene idzanyamule makilo asanu zimenezo n'zoopsa. Chomwera chikhale chosazama, muikemo timiyala. Pakati pa masabata 3 ndi 6 chenjerani ndi coccidiosis, matenda a m'matumbo, mukaona zitosi zamagazi ndi anapiye ofooka atagwetsa mapiko musadikire mawa, mankhwala ake monga amprolium amathandiza akaperekedwa msanga, ndipo utuchi wonyowa ndi umene umachulukitsa vutoli.

5. Chakudya, ndi chiyeso chofuna kuinenepetsa

Kuyambira tsiku loyamba mpaka masabata 8 apatseni chick starter cha mapuloteni 18 mpaka 20 peresenti. Kuchokera apo growers cha 15 mpaka 16 peresenti, ndipo mukhale pa growers mpaka dzira loyamba litaoneka. Apa ambiri amapusitsidwa ndi zolemba za pa thumba zonena kuti layers, chakudya cha nkhuku zoikira, ayambe pa masabata 18. Zimenezo analembera nkhuku zoikira msanga. Layers ali ndi kashiamu wambiri, cha m'ma 4 peresenti, wopangira chikamba cha dzira, ndipo msoti umene sunayambe kuikira ulibe kopita naye kashiamuyo, amakalemetsa impso. Ngati m'khola muli atambala, misoti ndi mathadzi oikira pamodzi, njira yosavuta ndi kupereka growers kwa onse, kenaka m'kambale kena muikemo zikamba za nkhono za m'nyanja zoperapera kapena zikamba za mazira zouma zosinja, loikira limakadya lokha mmene likufunira.

Musayese kuikulitsa msanga ndi chakudya cha ma broiler. Ndikudziwa kuti mtima umafuna uone chimphona mwachangu, koma mnofu ukathamanga mafupa asanakhwime mapeto ake ndi nkhuku yokhalira zigongono. Mafupa ayambe, mnofu ubwera.

Ikakula vuto limatembenuka, limakhala kunenepa. Brahma siithamangathamanga, imayenda mwaulemu, imakonda kudya, ndipo poti ndi yofatsa imabwera kudzapempha m'manja nde aliyense pakhomo amaiponyera kenakake. Chimanga ndi zotsala za kukhitchini zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene imadya patsiku. Thadzi lonenepa limachepetsa mazira, limavutika poikira, ndipo mafuta akadzaza chiwindi limatha kungofa mwadzidzidzi tsiku lotentha. Ndi maso simungadziwe chifukwa nthenga zimabisa zonse. Pisani dzanja pachifuwa mufufuze fupa lapakati lija lotsika ngati mpeni. Likamabaya chala, m'mbali mwake mopanda mnofu, nkhuku yaonda. Likamamveka pang'ono pakati pa minofu iwiri yodzaza, zili bwino. Likasowa, chala n'kumangolowa m'kangalande pakati pa zofewa, komanso kumimba kukulendewera kolimba, yanenepetsa, dulani zoponyaponya zija ndipo masamba muziwamangirira m'mwamba pang'ono kapena kumwaza tinjere mu udzu kuti iziyenda pofunafuna. Ngati sizituluka kokatola timiyala, ziikireni timiyala tating'ono topera chakudya m'nthutumba. Madzi oyera asasowe olo ola limodzi.

6. Kuziphatikiza ndi nkhuku zina

Mungadabwe kuona kankhuku kochepa theka kakuthamangitsa Brahma pa chakudya, iyo n'kungochoka mwakachetechete kukaima pakona. Zimachitika kwambiri. Nthawi yodzipatula ija ikatha, ziikeni moyandikana ndi zakale pakati pali waya, zizionana osakhudzana kwa sabata imodzi kapena iwiri. Kenaka muziphatikize, bola madzulo pogona kapena pabwalo lotakata. Ikani zodyera ndi zomwera ziwiri kapena zitatu motalikirana, china kuseri kwa chotchinga poti yolusa ikaima pa china isaone chinacho, chifukwa siingalondere malo awiri nthawi imodzi. Kujomphana pang'ono masiku oyamba n'kwachibadwa, zikukonza za ukulu. Koma pakaoneka magazi chotsani yovulalayo msanga, nkhuku zikaona chofiira zimajompha osaleka, ndipo nthenga za m'mapazi ndi zimene zinzake zimakonda kuzula. Madzulo muzigwira chithokomiro cha Brahma iliyonse, chikhale chodzaza. Chikakhala chopanda kanthu masiku awiri otsatizana ndiye kuti ikuletsedwa kudya olo simunaione ikumenyedwa.

Mbali inayo, tambala wa Brahma pa timathadzi tating'ono si bwino. Iye alibe nkhanza koma kulemera kokhako kumathothola nthenga za kumsana ndi kung'amba khungu m'mbali.

7. Mapazi, sabata iliyonse

Sankhani tsiku limodzi pa sabata, usiku zitagona ndi pomwe zimagwirika mosavuta, mutenge tochi. Ponyamula lowetsani dzanja pansi pa chifuwa, zala zigwire miyendo, dzanja linalo lipanikize mapiko, thupi lake litsamire pa inu. Musaizondotse pogwira miyendo, musainyamule ndi mapiko, ndipo pomaliza muikhazike pansi mapazi afike kaye, osati kuiponya kuti itera yokha. Anawo muwaphunzitsenso zimenezi, kapena aziisisita ili pansi.

Tembenuzani phazi, patulani nthenga, yang'anani pakati penipeni pofewa paja. Phazi labwino ndi losalala, lofewa ngati chikhatho. Mukaona kadontho kakuda kozungulira ngati nkhanambo, pozungulira pake pofiira kapena potupa, potentha mukakhudza, ndiye chiyambi cha bumblefoot, matenda otupitsa pansi pa phazi, tizilombo ta Staphylococcus talowa pakachilonda. Mukakapeza kadakali kakang'ono, viikani phazi m'madzi ofunda a mchere wa Epsom (wamankhwala, osati wa ndiwo) mphindi 10 mpaka 15, pukutani, pakani ayodini, mangani bandeji mosathinitsa, ndipo nkhukuyo ikhale pa utuchi wouma wofewa, kubwereza tsiku lililonse. Likatupa mpaka pakati pa zala, mkati muli cholimba ngati kamwala, pitani nayo kwa dokotala wa ziweto. Mafinya a nkhuku ndi olimba, safinyika ngati a munthu, ndipo kucheka nokha ndi lezala kumangoizunza n'kulowetsa matenda ena. Mukatero bwererani ku khola mukafufuze chimene chinayambitsa, kaya thabwa latalika, kaya waya wobaya, kaya pansi ponyowa, apo ayi zibwereranso.

Yang'ananinso mamba a m'miyendo. Akamatukuka, pansi pake pali zoyera zofumbutuka, ndi tinthata tosaoneka ndi maso timene timakumba pansi pa mamba, ndipo pa Brahma timabisala bwino chifukwa cha nthenga. Tsukani ndi madzi ofunda a sopo, umitsani, pakani Vaseline wambiri mokwezera m'mwamba kuti alowe pansi pa mamba, kangapo pa sabata kwa masabata angapo. Mamba otukukawo musawamatule. Matope akauma n'kupanga timibulu kunsonga kwa zala, aviikeni afewe okha, mukakoka mumachotsa ndi chikhadabo chomwe. Nthenga yatsopano ya m'phazi ikathyoka imatuluka magazi ambiri moopsa, panikizani ndi kansalu koyera, ikakana kusiya izuleni yonse ndi kapulayala potsata mmene yamerera kenaka mupanikizenso. Ngati simupita nazo ku chionetsero, palibe cholakwika kudulirako nthenga za m'mapazi ndi sizasi nyengo yamvula, bola musadule zimene zikumera kumene.

8. Kutentha

Kuzizira Brahma imapirira bwino, thupi lalikulu, nthenga zothinana, lipombo laling'ono. Kumadera kogwa chipale vuto limangokhala nthenga za m'mapazi zikanyowa n'kuundana. Mdani wake weniweni ndi dzuwa. Nkhuku ilibe thukuta, thupi lake limakhala pa madigiri 41, ndipo imadziziziritsa popuma ndi kukamwa komanso kudzera m'lipombo ndi m'miyendo, nde taganizani, iyi lipombo ndi laling'ono, miyendo yavala. Kukafika cha m'ma madigiri 30 mudzaona yayasamula, mapiko yatambasula. Mthunzi ukhalepo tsiku lonse, osati wam'mawa wokha, madzi akhale pamthunzi ndipo muziwasintha masana, chakudya chachikulu muzipereka m'mamawa ndi madzulo, denga la malata muliike udzu kapena china chotchinga pamwamba. Musazigwiregwire kapena kuzisamutsa masana otentha. Mukapeza ina yagona chammbali, ikupuma wefuwefu, lipombo layezuka, ithamangitsireni pamthunzi, imikani miyendo ndi kumimba m'madzi ozizirira, osati a ayezi, mutu usalowe, kenaka muiike pomwe pakupita mphepo.

9. Katemera ndi utitiri

Kukula thupi sikuteteza ku chitopa. Chitopa chilibe mankhwala, chimatha kusesa khola lonse m'masiku ochepa, chotetezera ndi katemera basi, wa m'diso kapena wa m'madzi monga I-2 kapena LaSota, ndipo amabwerezedwa pakapita miyezi itatu kapena inayi. Katemera wa matenda a Marek, opuwalitsa nkhuku, amabayidwa tsiku loyamba mwanapiye atangoswa, wa Gumboro, matenda ofooketsa chitetezo cha anapiye, m'masabata oyambirira, palinso wa nthomba. Ndondomeko yeniyeni mufunse wa zaziweto wa kwanuko chifukwa matenda amasiyana malo ndi malo. Mankhwala aliwonse mukapereka, werengani masiku amene alembedwa oti musadye mazira kapena nyama.

Nthenga zothinana zimabisa nsabwe, nde pa tsiku la mapazi lomwelo patulani nthenga kumatako ndi kunsi kwa mapiko, muone ngati pali toyendayenda kapena timibulu toyera tomatirira patsinde pa nthenga. Utitiri wina sukhala pa nkhuku masana, umabisala m'ming'alu n'kutuluka usiku kudzayamwa magazi. Pukutani kunsi kwa thabwa logonapo ndi kapepala koyera usiku, mukaona timizere tofiira ndi umenewo, ndipo pamenepo mankhwala apite ku khola lonse, osati pa nkhuku pokha, n'kubwereza pakatha sabata chifukwa cha mazira ake. China, poti nkhukuzi zimalola kunyamulidwa, ana amazikumbatira mpaka kuzipsompsona. Nkhuku yathanzi imatha kukhala ndi salmonella, tizilombo todwalitsa anthu m'mimba, nde kumaso ayi, ndipo akamaliza asambe m'manja ndi sopo.

10. Mukafuna ana ake

Tambala mmodzi pa mathadzi 8 ndi zokwanira, atambala olemera sakwanitsa ambiri ngati ang'onoang'ono aja. Mazira akamapezeka opanda mbewu pomwe tambala akukwera, kawirikawiri ndi nthenga zowirira za kumatako zikutchinga, duliraniko ndi sizasi kwa tambala ndi mathadzi omwe. Mazira ofungatiritsa akhale oyera osatsuka, osapitirira sabata imodzi kapena masiku 10, osungidwa pozizira bwino mbali yosongoka ili pansi.

Thadzi la Brahma limafungatira ndipo limalera bwino, vuto ndi kulemera komweko, limaswa mazira polowa m'chisa, ndipo nthenga za m'mapazi zimatha kukokera dzira kapena mwanapiye kunja. Chisa chake chikhale pansi penipeni poti lizingoyenda kulowa osadumphira, mukhale udzu wofewa wambiri wopangidwa ngati mbale, ndipo likhale palokha kuti mathadzi ena asamadzapanikizane nalo. Mazira 10 mpaka 12 akwana, olo likuoneka kuti lingakwanitse ambiri. Pa tsiku la 7 mpaka 10 aunikeni ndi tochi mumdima, amoyo amaonetsa timitsempha tofiira, oyera mbee achotseni asanaole n'kuphulikira anzawo. Amaswa pa masiku 21. Thadzi likakhala lophwanya mazira mobwerezabwereza, mazirawo apatseni nkhuku ina yopepuka iwafungatire, kapena makina.

Posankha tambala wosunga musangotenga wamkulu kuposa onse. Muyendetseni muone miyendo ngati ili yowongoka, mawondo osagundana, mapazi oyera pansi, ndipo muone mmene amachitira ndi anthu ndi mathadzi. Brahma wolusa sapezekapezeka koma akapezeka musamusunge ngati mbewu, khalidwe limatsata ana, ndipo tambala wa makilo asanu ndi theka akalumphira mwana wamng'ono amamuvulaza ndithu. Pakapita mibadwo iwiri bweretsani tambala wa magazi ena kuti wakaleyo asamakwere ana ake omwe, ndipo nayenso ayambe wakhala payekha mwezi uja asanalowe m'khola.